Mboni Ziwiri za Msodzi wa ku Utonga

Dr Robert Laws asanasamutse mishoni yake kuchoka ku Cape Maclear kudzaikhazika pa Bandawe m'chaka cha 1881, anthu a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Kande ndi ku Chintheche kufikira ku Usisya, anali nayo kale sukulu yawo, ndiyo doko, pamene mnyamata ankaphunzira kupalasa bwato ndi kuluka ukonde wa luzi, koma koposa zonsezi ankaphunzira kuyesa chinthu asanachikhulupirire.

Taganizani za utaka. Nsomba imeneyi imasonkhana pa virundu, ndiwo matanthwe obisika pansi pa madzi, ndipo popeza panyanja palibe njira yopondeka kapena mtengo wakuti munthu n'kusemapo chizindikiro, asodzi a chilimira, ukonde umene unafika kuno kudzera ku Likoma, ankapeza malowo poyang'ana kumtunda. Mkulu wa bwato ankapalasa kufikira mtengo wakutiwakuti utalunjikana ndi nsonga ya phiri la kumbuyo kwake. Komatu sankaponyetsa ukonde pomwepo ayi, pakuti ankadziwa kuti chizindikiro chimodzi chimangomuuza mzere umene chirundu chagonamo, ndipo mzerewo ungatalike mpaka kutsidya. Tsono ankacheuka, nafunafuna chizindikiro china kumbali ina, kaya thanthwe ndi mtsinje, kaya mlambe ndi chigwa, ndipo mboni ziwirizo zikavomerezana, pamenepo ndi pamene ankalamula anyamata kuti aponye. Ine ndiona kuti mkulu ameneyu anaposa ophunzira ambiri a masiku ano, amene akangomva mbali imodzi ya mlandu athamangira kugamula.

Mphepo nazo anazitcha mayina, kuti poidziwa dzina adziwenso makhalidwe ake: mwera wochokera kummwera m'miyezi yozizira, umene ungawombe masiku angapo osapuma, mpoto wa nthawi ya dzinja, ndi vuma wochokera kummawa. Palibe mkulu amene ankadzitama kuti adziwa za mawa. Chimene ankachita madzulo okayikitsa ndicho kulinga zotayika za mbali zonse ziwiri: akagona kumudzi nyanja n'kukhala bata, wataya ndiwo za tsiku limodzi, zimene chigwada chingalowe m'malo mwake; koma akalowa panyanja mwera n'kudzuka, wataya bwato, ukonde, ndi ana a eni ake, amene sadzabwezedwa ndi chuma chilichonse. Ndipo sankalinga yekha, koma ankayamba wamva anzake a padoko, pakuti safunsa anadya phula.

Zakuti nyanja iyi siopa ukulu wa chombo zinaoneka pa 30 July 1946, mwezi umene mwera uli pachimake, pamene sitima ya Vipya, yatsopano ndithu, itanyamuka ku Mbamba Bay, inagubuduzika pafupi ndi Florence Bay, kumene lero timati ku Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Sindifuna kuweruza akufa; koma mtima umandipweteka ndikakumbukira kuti sitima imayendera tsiku lolembedwa papepala, pamene bwato linkayendera nkhope ya nyanja. Panapita zaka zisanu kuti sitima ina ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland ndi kulumikizidwa ku Monkey Bay, iyambe ulendo wake mu 1951, ndipo ndiyo imene anthu a ku Usisya akhala akudalira kwa zaka zambiri pofuna kupita ku Nkhata Bay.