Siliva wa m'Chitini cha Atsibweni

Adzukulu anga ndi inu nonse okonda za makedzana, mawu akuti mpondamatiki mumawamva pa wailesi ponena za munthu wolemera kwambiri, koma ndi angati mwa inu adaigwirako tiki? Tiki idali kandalama kakang'ono kofanana ndi chikhadabo, ka makhobidi atatu, ndipo matiki anayi ankapanga sheleni. Ine ndidakula ndikugulira zitumbuwa timatiki timeneti kufikira m'chaka cha 1971 pamene kwacha ndi tambala zidalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni.

Chandikumbutsa zimenezi ndi chitini cha malemu atsibweni anga, amene adakagwira ntchito m'migodi ya ku Joni kawiri, nadzamaliziranso ku Halale. Pogumula nyumba yawo yakale, ana adapeza chitinicho chitadzaza ndi ndalama zachitsulo za maiko ena. Mbiri itamveka, padafika mkulu wina wa m'tauni wofuna kugula chitini chonse pa mtengo umodzi, osawerenga. Abale adagawanika: ena ankati tigulitse popeza ndi zitsulo chabe, ena ankati m'menemo muli chuma chogulira galimoto. Mdzukulu wanga wamkazi ndiye adati, "Agogo, inu mudaphunzitsa masamu zaka zambirimbiri, bwanji tiwerengere?" Tidayala mphasa pakhonde, titatenga pensulo, kope ndi kasikelo kakang'ono kobwereka.

Iye adayamba kuunjika ndalamazo potsata nkhope za mafumu, George V mulu wake, George VI mulu wake. Ndidamuletsa. Nkhope ya mfumu sikuuza munthu kuchuluka kwa siliva. Zofunika ndi ziwiri: dziko limene lidasula ndalamayo, ndi chaka cholembedwa pamenepo. Chifukwa chake chili m'mbiri ya nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse.

Kwa zaka mazana, ndalama zoyera za ku Britain zidali ndi magawo 925 a siliva pa magawo 1,000, otsalawo ali mkuwa wolimbitsira. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, mtengo wa siliva udakwera zedi, kotero kuti siliva wa m'sheleni adatsala pang'ono kuposa sheleniyo. Boma lidaona kuti anthu ayamba kusungunula ndalama, choncho kuyambira 1920 lidatsitsa siliva kufika pa theka, magawo 500. Nkhope idakhala yomweyo ya George V, kulemera komweko, dzina lomwelo. Nkhondo yachiwiri itathanso, Britain adali ndi ngongole ya siliva amene adabwereka ku America, ndipo kuyambira 1947 adamchotseratu siliva m'ndalama, n'kuyamba kusula za mkuwa wosakaniza ndi nickel. Zimenezi ndizo zinkawala kwambiri pamphasa paja, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Masamu ake ndi a Sitandade 7. Mutenge kulemera kwa ndalama m'magalamu, muchulukitse ndi gawo la siliva. Sheleni ya ku Britain imalemera magalamu 5.66. Ya chaka cha 1919 kapena kumbuyo kwake, 5.66 kuchulukitsa ndi 0.925, ili ndi siliva wa magalamu 5.23. Tidapeza zinayi zotero, ndiwo magalamu 20.9. Ya pakati pa 1920 ndi 1946 ili ndi magalamu 2.83 okha, ndipo 12 zimene tidapeza zidatipatsa 33.9. Zisanu ndi ziwiri za 1947 kupita m'tsogolo tidazikankhira pambali.

Apa mdzukulu uja adafuna kutenga lamulo la ku Britain n'kuligwiritsa pa mulu wa ku Joni, ndipo akadalakwa. South Africa, dziko la migodi, lidayenda njira yakeyake. Litayamba kusula ndalama zake ku Pretoria m'chaka cha 1923, lidaika magawo 800 a siliva, ndipo lidapitiriza chomwecho mpaka 1950. Lidatsikira pa 500 m'chaka cha 1951, Britain atasiya kale siliva zaka zinayi m'mbuyomo. Motero sheleni ya 1948 ya ku London ilibe siliva konse, pamene ya 1948 ya ku Pretoria ili naye wambiri, zonse zili ndi mutu wa George VI. Kaya atsibweni ankadziwa zimenezi kaya ayi, mulu umenewu ndiwo udalemera. Mudali ndalama zisanu ndi zitatu zikuluzikulu za masheleni awiri ndi theka, zimene azungu ankazitcha half-crown, iliyonse magalamu 14.14. Zisanu zidali za 1950 kumbuyo, iliyonse siliva 11.31, zonse pamodzi 56.6. Zitatu zidali za m'ma 1950, iliyonse 7.07, pamodzi 21.2. Kenaka matiki 30 a m'ma 1940, iliyonse yolemera 1.41 yokhala ndi siliva 1.13, amene adatipatsa 33.9. Ndidaseka ndekha poona kuti timatiki 30 tija tidafanana ndendende ndi masheleni 12 a ku Britain, chonsecho pa msika wa nthawi imeneyo matikiwo adali masheleni asanu ndi awiri ndi theka basi.

Za ku Halale sitidachedwe nazo. Southern Rhodesia idayamba ndalama zake mu 1932 ndi magawo 925, idatsikira pa 500 mu 1944, n'kusiya siliva mu 1947. Za atsibweni zonse zidali za pambuyo pake, pamodzi ndi za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland zoyambira 1955, zimene munalibe siliva m'zoyendera m'manja mwa anthu. Makhobidi oboola pakati aja, amene amayi ankawatunga pa mkuzi, nawonso mulibe kanthu, ngakhale kuti ine ndidawagwira nthawi yaitali kuposa zina zonse.

Pansi penipeni padali ndalama imodzi yakuda, ya nkhope ya Mfumukazi Victoria, yolembedwa kuti One Rupee. Imeneyi sidali ya ku Joni. M'zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda, dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, ndalama za ku India zinkayenda kuno pamodzi ndi amalonda ndi asilikali achisikhi ochokera kumeneko. Ndiko kudachokera mawu akuti lupiya amene agogo athu ankatchulira ndalama. Lupiya imalemera magalamu 11.66 ndipo ya nthawi imeneyo ili ndi magawo 917, ndiye kuti siliva wa magalamu 10.7. India nayo idatsikira pa theka mu 1940, nkhondo ili m'kati.

Titawonkhetsa zonse tidapeza magalamu 177.2. Amalonda a siliva sayeza m'magalamu koma m'muyeso wotchedwa troy ounce, umene ndi magalamu 31.1, si wofanana ndi wa pa sikelo ya m'khitchini, ndipo amene asokoneza iwiriyi amadzinyenga yekha. Kugawa 177.2 ndi 31.1 kudatipatsa 5.7. Mtengo wa siliva umasintha tsiku ndi tsiku, choncho mdzukulu adauyang'ana pa foni tsiku lomwelo n'kuchulukitsa. Chiwerengerochi n'cha ndalama zatsopano. Zoyenda m'manja zaka zambiri zimaperepeseka, ndipo masheleni anayi akale aja titawaika pa sikelo adapereweradi pang'ono, tidachotserako.

Mwana wina adabwera ndi phulusa ndi ndimu kuti azitsuke ziwale. Ndidam'gwira dzanja. Osunga ndalama zakale amalipira zochepa pa ndalama yokwechedwa, ndipo zaka zina n'zosowa kotero kuti mtengo wake umaposa siliva wake kutali. Chitsanzo ndi tiki ya ku South Africa ya 1931. Tidayang'ananso matiki onse 30 m'modzim'modzi, koma mudalibe. Winanso adabwera ndi maginito, osadziwa kuti sagwira siliva, sagwiranso mkuwa wosakaniza ndi nickel uja. Khutu ndilo limathandizako: ya siliva wambiri ikagwa pa simenti imalira motalika, inayo imangoti kwe.

Galimoto mudalibemo m'chitinimo, ndipo ofuna galimoto adakhumudwa. Koma mtengo umene mkulu wa m'tauni uja adatchula sudafike ngakhale theka la siliva amene tidawerengera, ndipo atabweranso tidamuonetsa kope. Adaliwerenga mwakachetechete, natsanzika. Banja lidagwirizana kuti za ku South Africa ndi za ku Britain zidikire wogula woyeza pa sikelo ife tikuona. Lupiya ija ndi tiki imodzi ndidazipempha ine, zili m'kabati pamodzi ndi chiphaso cha atsibweni cha ku mgodi.