Matepi akale a kamera ya vidiyo: kapulumutsidwe ka zomwe zilimo

Mabanja ena a Amalawi okhala ku Kilimani mumzinda wa Nairobi akusungabe timatepi tomwe adachoka nato kumudzi: chinkhoswe, ukwati, ubatizo wa mwana, mawu a agogo omwe adatisiya. Matepiwa amawonongeka ndi kutentha komanso chinyontho, ndipo makina owaonetsera akusowa. Kampani ya Funai ya ku Japan, yomwe idatsala yokha pa opanga makina a VHS, idasiya kuwapanga mu 2016.

Mitundu ya matepi

Dzina la mtundu limalembedwa pa tepi penipeni. VHS-C (1982), Video8 (1985) ndi Hi8 (1989) ndi a analogi. MiniDV (1995) ndi Digital8 (1999) ndi a digito. Makamera ogulidwa ku Malawi, Kenya, South Africa ndi Britain amajambula mu PAL, pomwe a ku America amajambula mu NTSC. Makina owerengera ayenera kugwirizana ndi tepiyo.

Matepi a digito

Awa amakoperedwa polumikiza kamera ndi kompyuta kudzera pa chingwe cha FireWire, ndipo chithunzi chimatuluka monga momwe chidajambulidwira. Mapulogalamu aulere a WinDV ndi dvgrab ndiwo amakopera, pomwe DVRescue imasonyeza malo omwe sadawerengeke bwino. Ola limodzi limadya pafupifupi 13 GB. Makompyuta atsopano alibe polowetsa FireWire, choncho pamafunika kompyuta yakale kapena khadi yowonjezera. Makamera ena a Digital8 amawerenganso Video8 ndi Hi8.

Matepi a analogi

Njira yachidule ndi kachipangizo ka USB, koma kamakopera chithunzi pamodzi ndi zolakwika za makina okalambawo. Pulogalamu yaulere ya vhs-decode imachita mosiyana. Mmisiri amatsegula makina n'kulumikiza waya kuti atenge siginolo yosakonzedwa kuchokera ku mitu yowerengera tepi, n'kuisunga pa diski. Kenako pulogalamuyo imasandutsa siginoloyo kukhala chithunzi. Ubwino wake ngwakuti tepi imazungulira kamodzi kokha, ndipo pulogalamu ikakonzedwanso mtsogolo mutha kutulutsa chithunzi chabwinopo kuchokera ku fayilo yomweyo. Imawerenganso Video8 ndi Hi8. Mafayilo ake ndi aakulu kwambiri.

Zoyenera kusamala

Tepi yomwe yachita chuku choyera musaiike m'makina, chifukwa imadetsa mitu n'kupatsira matepi ena. Mvula ya March mpaka May ku Nairobi imabweretsa chinyontho, choncho sungani matepi choimika, pouma, kutali ndi masipika. Tsekani kabatani koletsa kujambula musanayambe. Pofuna zingwe kapena mmisiri, yambirani m'mashopu a zamagetsi a mu Luthuli Avenue, ndipo muyese kaye ndi tepi yosafunika kwenikweni.

Mukamaliza, sungani mafayilo malo atatu, amodzi akhale kwa abale ku Malawi, ndipo matepiwo musataye. Ana alembe pomwe makolo akutchula mayina a anthu, mudzi ndi chaka.