Kuwedza carp: kamangidwe ka mbedza, zipangizo ndi chitetezo cha nsomba

Carp ndi nsomba ya m'mitsinje ndi m'madamu yomwe asayansi amaitcha Cyprinus carpio. Kwawo kwenikweni ndi mitsinje yothira m'nyanja za Black Sea, Caspian ndi Aral, kuphatikizapo Danube, koma anthu anaifalitsa m'maiko ambiri. Ndi ya banja limodzi ndi ntchila ya m'nyanja ya Malawi. Ili ndi tindevu tinayi m'mbali mwa kamwa, mano ake ali kukhosi, ndipo imadya pofukula m'matope: imayamwa chinthu, kuchilawa, n'kuchilavula msanga ngati yachikayikira. Luso lonse loiwedza linabadwa chifukwa cha kadyedwe kameneka.

Ku Britain ndi m'maiko ambiri a ku Ulaya, asodzi a carp safuna ndiwo. Akaigwira amaiyeza pasikelo, kuijambula, n'kuibwezera m'madzi. Carp imatha kukhala zaka zoposa 40, choncho nsomba imodzi imagwidwa kambirimbiri ndi anthu osiyana, mpaka kupatsidwa dzina. Mu 1952 Richard Walker anagwira ya mapaundi 44, pafupifupi makilogalamu 20, padziwe la Redmire ku Herefordshire; inakasungidwa ku London Zoo ndipo inkadziwika kuti Clarissa. Mu 1980 Chris Yates anagwira ina yoposa mapaundi 51 padziwe lomwelo. Mu 2018, ku Euro Aqua m'dziko la Hungary, kunagwidwa ya makilogalamu 51.2. Nsomba yotere ikavulala lero, chilondacho idzayenda nacho zaka zambiri.

Nyambo ndi mbedza

Nyambo yotchuka kwambiri ndi boilie, yomwe inafala potsatira nzeru za Fred Wilton wa ku England. Amasakaniza ufa wa zakudya zomanga thupi ndi mazira, kuumba timibulu, n'kutiwiritsa pang'ono kuti tikhale ndi chikhungwa chimene tinsomba ting'onoting'ono sitingachijeje. Chimanga, mtedza ndi mbewu zina nazonso ndi nyambo zabwino, koma ziyenera kuviikidwa tsiku lathunthu n'kuphikidwa mpaka kupsa, chifukwa zosapsa zimatupa m'mimba mwa nsomba.

Kusintha kwakukulu kunabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene Lenny Middleton ndi Kevin Maddocks anayang'anitsitsa carp zikudya m'thanki. Anaona kuti nsomba ikulavula nyambo iliyonse yokhala ndi mbedza m'kati, chifukwa nyamboyo siyenda momasuka ngati zinzake. Iwo anachotsa nyambo pambedza n'kuipachika pakaulusi kopyapyala kolendewera kumbedzako. Poyamba ankagwiritsa ntchito tsitsi lenileni la munthu. Kamangidweka kamatchedwa hair rig. Nsomba ikayamwa nyambo, mbedza yamaliseche imatsatira, ndipo ikati ilavule mbedzayo imatembenuka n'kugwira mlomo wapansi. Asodzi anaikonda chifukwa inachulukitsa nsomba zogwidwa, komanso ubwino wake wina ndi wakuti mbedza siimezedwa kawirikawiri: imakola pamlomo, pomwe n'posavuta kuichotsa. Mamangidwe ena ambiri, monga chod rig yowedzera pamatope ndi paudzu, kapena zig rig yoimika nyambo pakati pa madzi, ndi nthambi chabe za mfundo yomweyi.

Mtovu: pomwe pagona ngozi

Masiku ano ambiri amaika mtovu wolemera magalamu 60 mpaka 120 pafupi ndi mbedza. Nsomba ikanyamula nyambo n'kuyamba kuyenda, kulemera kwa mtovu kumakhomera mbedza, nsombayo n'kuthawa mwamantha, kachipangizo kochenjeza kumtunda n'kulira. Imeneyi ndiyo bolt rig, ndipo imalola msodzi kuwedza usiku wonse ali m'tenti.

Koma chingwe chimaduka. Chimaduka pachitsa, pamwala wakuthwa, kapena poponya. Funso loyenera kufunsa pa kamangidwe kalikonse ndi lakuti: chikaduka, nsomba itsala ndi chiyani? Ngati mtovu unamangidwa ndi mfundo yosamasuka, carp imaukoka kulikonse mpaka ukodwe m'mizu kapena m'ziyangoyango, ndipo nsombayo imafera pomwepo ili chimangidwire. Asodzi a ku England amatcha kamangidwe kotere death rig, ndipo eni madamu ambiri amathamangitsa aliyense wopezeka nako.

Pali njira zitatu zodziwika zopewera izi. Ina ndi lead clip, kapulasitiki kokolowekapo mtovu kotsekedwa ndi kalabala. Mtovu ukakodwa, kalabalako kamavuka, mtovu n'kugwa. Kalabalaka msodzi akanyowetse kaye ndipo asakakankhe mpaka kumapeto, apo ayi sikavuka. Ina ndi mtovu woboola pakati, womwe chingwe chimadutsa m'kati mwake n'kusololoka chikaduka. Yachitatu ndi helicopter rig: mtovu uli kunsonga kwa chingwe, kachingwe ka mbedza kakuzungulira pamwamba pake pakati pa mikanda iwiri. Apa mkanda wapamwamba uyenera kukhala wolekerera, kuti kachingwe ka mbedza kathe kutuluka. Vuto limakula msodzi akalumikiza chingwe chokhuthala chokhala ndi waya wa mtovu m'kati, chotchedwa leadcore, chifukwa mkanda umakakamira pamfundo yolumikizira. N'chifukwa chake madamu ambiri analetsa leadcore. Palibe chipangizo chimene chili chotetezeka chifukwa chakuti papaketi palembedwa choncho. Msodzi achimange, achikoke ndi manja ali kumtunda, aone ngati mtovu ukuchokadi.

Ku England mtovu wolemera pakati pa magalamu 0.06 ndi 28.35 unaletsedwa kuyambira 1987, chifukwa mbalame za m'madzi zinkaumeza n'kufa.

Ndodo ndi chingwe

Ndodo yofala ndi ya mamita 3.6, ndipo chingwe chimakhala chopirira makilogalamu 5.5 mpaka 7 kapena kuposa. Ena amaganiza kuti chingwe chopyapyala ndicho umboni wa ukatswiri. Kumeneko n'kulakwitsa: chimaduka msanga, komanso chimatalikitsa kulimbana mpaka nsomba kulefukiratu. Pa za mbedza asodzi sagwirizana. Ena amati yopanda kamunga imachoka mosavuta, ena amati imayendayenda m'chilonda n'kung'amba mlomo, motero amasankha ya kamunga kakang'ono. Lamulo la damu ndilo limagamula. Chimene malamulo a ku England salola n'komwe ndi kusiya ndodo ili m'madzi ndi nyambo mwini atachokapo.

Nsomba ikafika kumtunda

Zonse zikonzedwe nsomba isanatuluke m'madzi: ukonde waukulu wa maso ofewa, wotambalala pafupifupi masentimita 107, kamatiresi konyowetsa kogonekapo nsomba, chidebe cha madzi a m'damu lomwelo, sikelo ndi kamera. Khungu la carp lili ndi zoterera zomwe zimaiteteza kumatenda, ndipo manja ouma kapena mchenga zimazipala. Poinyamula, zipsepse zigone mothithikana ndi thupi kuti zisathyoke. Msodzi aijambulitse atagwada pamwamba pa kamatiresi, dzanja lina pansi pa zipsepse zakutsogolo, lina chakumchira. Asaimirire nayo, chifukwa ikaphiriphitha n'kugwa imavulala m'kati. Pobaya mbedza papakidwe mankhwala ophera tizilombo. Poibwezera, aigwirize m'madzi ili chilili kufikira itapeza mphamvu yochoka yokha. Nthawi yotentha, pamene mpweya m'madzi umachepa, komanso nthawi yoswana, ndi bwino kuzileka.

Maukonde onyowa amanyamulanso matenda kuchoka damu lina kupita lina, makamaka koi herpesvirus, yomwe imapulula carp madzi akafunda. Kuyanika zipangizo padzuwa mpaka kuuma gwa kumathandiza kwambiri.

Mwambo wobwezera carp m'madzi suli paliponse. Ku South Africa amaiwedza kwambiri m'madamu monga Vaal ndi Hartbeespoort, nthawi zambiri ndi nyambo ya ufa wa chimanga woumba ngati mbamu ya nsima, ndipo ena amadya. Ku Australia imaonedwa ngati yoononga chifukwa imavundula matope n'kuzula zomera, moti m'zigawo monga Victoria kuibwezera yamoyo ndi mlandu. Ku Malawi inabwera m'zaka za m'ma 1970 kuti iziwetedwa m'maiwe, koma boma linadzailetsa poopa kuti ingalowe m'nyanja ya Malawi n'kusokoneza nsomba za m'menemo.