Khonde la Khoti ku Fort Jameson

Ana inu mukamva za khoti mumaganiza za nyumba. Makolo athu kuno kwa Zingalume ankaweruzira pabwalo, pansi pa mtengo. Mfumu pampando, nduna pambali pake, ankhoswa a mbali zonse ali chikhalire padothi, ndipo wodutsa aliyense ankatha kutula katundu n'kumvetsera. Wolakwa ankalipa nkhuku kapena mbuzi, anthu n'kubalalika.

Njerwa zinabwera ndi kampani ya British South Africa. Azungu atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898 n'kuwombera mwana wake Nsingo, anamanga boma lawo mu 1899 n'kulitcha Fort Jameson, potengera dzina la Leander Starr Jameson. Linali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Ndi Chipata yemweyu mumapitako pabasi. Makolo athu ankapita wapansi, kugona m'njira.

Obwerako ankasimba za nyumba za pabomapo. Makoma ochindikala a njerwa zootcha, denga lalitali kuti mkati muzizizira, kutsogolo khonde lotakata la mizati, lokwera ndi masitepe. Njerwazo anaumba ndi anthu athu omwe. Malata ndi misomali zinafika pamitu ya amtengatenga, poti njanji kunalibe.

Koma khondelo, ana inu! Bwana DC ankakhala pamwamba, pamthunzi, pensulo m'manja. Wolephera msonkho wa nyumba ankadikira m'munsi, padzuwa, chipewa atavula, mpaka mesenjala wa chisoti chofiira atamufuulira dzina. Mawu ako ankadzera mkamwa mwa womasulira, ndipo akawapotoza unalibe pogwira. Amene anajambula khonde limenelo ankadziwa bwino yemwe azidzayang'ana kumwamba polankhula.

Mu 1929 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makhoti a mafumu. Mfumu inapatsidwa kalaliki ndi buku lolembamo milandu, ndipo pang'onopang'ono timakhoti ta njerwa tinamera kumidzi, tonse totengera za kuboma: nsanja yokwera kutsogolo, mabenchi kumbuyo, kabokosi ka woyankha mlandu. Munthu amene kale ankadandaula atakhala pansi, tsopano ankaima chilili ngati mwana wa sukulu.

Ufulu utabwera mu 1964, lamulo la 1966 linasandutsa makhotiwo kukhala Local Court, oweruza ake olembedwa ntchito ndi boma. Nsanja ija sanaigumule ayi, anangosintha wokhalapo. N'chifukwa chake mpaka lero wokangana malire a munda amayamba wapita kwa anyakwawa, zikakanika kwa a Zingalume, ndipo kukhoti la njerwa amapitako ankhoswa atasamba m'manja.