Rutile ku Mchinji ndi Kasiya

Rutile ndi mchenga wolemera, wofiirira kapena wakuda, womwe amapangira chitsulo cha titanium. Ku Malawi umapezeka m'dothi la chigwa chomwe chayala kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Mchinji, boma la m'malire ndi Zambia. Nkhokwe yaikulu ili ku Kasiya, m'boma la Lilongwe. Kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals, yomwe ikufufuza malowa, imati pali matani pafupifupi 18 miliyoni, ndipo palibe nkhokwe ina ya rutile yodziwika padziko lonse yoposa imeneyi. M'boma la Mchinji, kampani ya Mkango Resources idalengeza m'chaka cha 2020 kuti yapeza rutile ndi ilmenite.

Ntchito yake

Titanium ndi wolimba ngati chitsulo cha steel koma wopepuka, ndipo sachita dzimbiri. N'chifukwa chake amapangira ndege komanso zitsulo zomwe madokotala amaika m'thupi fupa likawonongeka. Komabe miyala yambiri ya titanium sisanduka chitsulo ayi. Yoposa magawo 90 pa 100 alionse imasanduka ufa woyera umene amathira mu penti, mapulasitiki ndi mapepala. Ndodo zambiri zimene owotcherera zitsulo amagwiritsa ntchito nazonso zimakutidwa ndi rutile.

Mtengo wake

Rutile ndi wodula kuposa ilmenite chifukwa pafupifupi magawo 95 pa 100 ake ndi titanium dioxide, pamene ilmenite ali ndi chitsulo wamba chambiri chofunika kuchotsa. Ku Kasiya rutile ali m'dothi lofewa la pamwamba, choncho safunika kuphulitsa matanthwe. Katunduyu akhoza kuyenda pa sitima ya pamtunda mpaka ku doko la Nacala ku Mozambique. Mu Julayi 2023 kampani ya Rio Tinto idagula magawo 15 pa 100 a Sovereign Metals.

Ndalama zambiri zimabwera poyenga. Njira yomwe William Kroll adatulukira cha m'ma 1940 imafuna chlorine, magnesium ndi magetsi ochuluka, ndipo mafakitale ake aakulu ali ku China, Japan, Russia ndi Kazakhstan. Malawi alibe fakitale yotere. Phindu lomwe lingatsale kuno ndi misonkho ndi malipiro a ogwira ntchito. Komanso dothi lomwe muli rutile ndi lomwelo anthu amalimapo chimanga, fodya ndi mtedza, kotero nkhani ya chipukutamisozi ndi kubwezeretsa nthaka akamaliza kukumba ndi yaikulu kwa alimi a m'derali.

Zircon

Zircon, mwala womwe amapangira zirconium, nthawi zambiri amapezeka limodzi ndi ilmenite mu mchenga wa m'mbali mwa nyanja, monga ku Makanjira m'boma la Mangochi. Wambiri amapita kukapangira matailosi ndi mbale zadothi. Zirconium weniweni amakutira mafuta a m'malo opangira magetsi a nyukiliya.