Bokosi la Yosefe ndi manda a mafumu a ku Aigupto

Mvula ikangotha kuno ku Chadiza, nkhani za ziliza zimayamba. Banja lina lomwe ndilidziwa linagulitsa ng'ombe zake ziwiri zolimira kuti amange chiliza cha atate awo, ndipo chaka chotsatira analima ndi makasu. Sindidzudzula chikondi chawo. Koma zimenezi zinandibweza ku mutu wotsiriza wa buku la Genesis, pamene timva kuti mtembo wa Yakobo anaukonza masiku 40 ndipo Aaigupto anamlira masiku 70. Yosefe nayenso anamkonza momwemo namuika m'bokosi. Kodi kukonza kumeneku kunali kotani?

Aaigupto ankakhulupirira kuti mzimu umafuna thupi loti uzibwereramo, choncho thupi lisawole. Ankachotsa ubongo kudzera m'mphuno, n'kutulutsanso mapapo, chiwindi ndi matumbo, zomwe ankaziika m'mitsuko. Kenaka ankaumitsa mtembo masiku pafupifupi 40 ndi mchere wotchedwa natron, wofanana ndithu ndi chidulo chimene amayi amathira mu therere, n'kuukulunga ndi nsalu. Mtima wokha ankausiya m'chifuwa. Kwa iwo, munthu ankaganiza ndi mtima, ndipo pa chiweruzo, pamaso pa mulungu wawo Osiris, mtimawo ankauika pa sikelo, mbali inayo nthenga ya choonadi. Ukalemera ndi zoipa, chilombo chotchedwa Ammit chinkaumeza, munthuyo n'kutheratu. Pamenepa ine sindiwaseka konse: anthu amenewa ankadziwa kuti pali mlandu woyankha.

Pomwe ndimamwetulira ndi apa. Ankaganiza kuti kutsidyako kulinso minda, ndipo olemera sankafuna kukagwira khasu. Choncho ankaikidwa ndi tizidole tonyamula makasu ndi madengu, kuti tikalime m'malo mwawo. M'zaka za pambuyo pake ena ankapita nato 365, kamodzi pa tsiku lililonse la chaka, ndi akapitawo ake 36. Ganyu mpaka kumanda!

Manda aakulu koposa ndi a Farao Khufu ku Giza, omangidwa cha m'ma 2560 Khristu asanabadwe. Kutalika kwake kunali mamita 146, ndipo miyala yake ndi yoposa mamiliyoni awiri. Ndili mphunzitsi ndinkauza ana kuti anamanga ndi Aisraeli. Ndinkalakwa, ndipo amene ndinawaphunzitsa mundikhululukire. Piramidi imeneyi inali itaima kale zaka zoposa 1,000 Mose asanabadwe, ndipo buku la Eksodo likamba za njerwa ndi midzi ya Pitomu ndi Ramesesi, osati miyala ya ku Giza. Mu 1990 anapeza manda a amisiri enieniwo pafupi pomwepo. Anali Aaigupto, ogwira ntchito mosinthana magulu, odyetsedwa buledi ndi mowa.

Odyetsedwa, inde, koma osati nthawi zonse. M'chaka cha 29 cha ufumu wa Ramesses III, amisiri okumba manda a mafumu, okhala m'mudzi wa Deir el-Medina, anaona kuti tirigu wa malipiro awo wachedwa. Anasiya zipangizo n'kukakhala pansi pa akachisi mpaka akuluakulu atawamvera. Ife amene tinadikirapo malipiro mwezi utatha tiwamvetsa bwino.

Nanga chuma choikidwa m'mandamo? Akuba anachipeza. M'masiku a Ramesses IX kunali milandu ya anthu oboola manda, ena mwa iwo amisiri omwe, ndipo zolemba za milanduyo zilipo mpaka lero. Manda a Tutankhamun, omwe Howard Carter anawapeza mu 1922, anatchuka chifukwa chuma chake chambiri chinapulumuka. Bokosi lamwala la Khufu lili m'kati mwa piramidi yake, lopanda chivundikiro, lopanda mtembo.

Yosefe anali wachiwiri kwa Farao, ndipo manda okongola akanawapeza mosavuta. Iye analumbiritsa abale ake kuti tsiku lochoka adzanyamule mafupa ake. Mose anawanyamuladi usiku wa ulendo, ndipo anayenda nawo zaka 40 m'chipululu. Buku la Yoswa, mutu 24, litiuza kuti anawaika ku Sekemu, m'munda umene Yakobo atate wake anagula kwa ana a Hamori ndi ndalama zasiliva 100.