Kudzutsa makina osungira mafailo amene aleka kuyaka

Makina ochedwa NAS ndi kabokosi kokhala ndi madisiki, kosungiramo mafailo a makompyuta a mu ofesi, pasukulu kapena pacipatala. Amayendetsedwa ndi pulogalamu ya firmware, yolembedwa m'kacipangizo ka flash kamene kali pa bolodi lake.

Malaiti akazima pamene pulogalamuyi ili kulembedwa mwatsopano, imadukira panjira ndipo makinawo amaleka kuyaka. Ngoziyi imakula m'nyengo ngati ya 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima maola ambiri, kuphatikizapo m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi.

Komabe makina otere sanafe. Mafailo amakhala m'madisiki, osati mu flash. Conco wokonza amayamba wacotsa madisikiwo, kuwalemba manambala monga mwa malo ao, ndi kuwasunga osawafufuta.

Ngati pulogalamu yoyatsira, monga U-Boot, ikali yamoyo, firmware imabwezeredwa kupyolera pa nthambo yocokera ku kompyuta. Ngati nayonso yaonongeka, wokonza amapana kacipangizoko, kamene nthawi zambiri kali ndi miyendo 8, n'kukalumikiza ku colembera monga CH341A. Asanafufute ciliconse amakopera zakalezo, cifukwa mumapezeka nambala yozindikiritsa makinawo. Kenaka amalemba firmware ya mtundu womwewo. Tuzipangizo tambiri timafuna mphamvu ya mavoti 3.3, twina 1.8, kupyola pamenepo timapsa.

Kuti zimenezi zipewedwe, makinawo alumikizidwe ku batire la UPS, ndipo mafailo ofunika asungidwenso pamalo ena.